Maliro a M'makomiki

Foni inalira m'mawa ndili pa makina, ndikusoka mayunifolomu a ana a sukulu ina ya kuno ku Tongaat. Inali foni ya malemu amuna anga, imene ndinkangoitchaja chitchajire osadziwa kuti ndikuyembekeza ndani. Mawu anali a mzimayi, Chingerezi chake cha kuno chothamanga chija. Akuti akuimba kuchokera ku sitolo ya makomiki ku Durban North, katundu wa bamboyo waunjikana, kodi adzatenga liti?

Ndinati bamboyo anamwalira. Kenako ndinamva mzimayiyo akufwenthera. Ndinadabwa, chifukwa ine ndinkayesa kuti kumeneko ankangopita kukataya nthawi, osadziwa kuti kuli anthu oti angawalire.

Makomiki ndi timabuku topyapyala ta zithunzi, anthu ake amalankhula m'timabaluni totuluka pakamwa. Amene amuna anga ankawakonda ndi a ngwazi zija zouluka, zonyamula nyumba ndi dzanja limodzi, zovala zothina ngati anazisokera pathupi, zina kumaso zitaphimba ngati gule. Tangoganizani, bambo wamkulu, wokonza magetsi ku fakitale ya shuga, mkulu wa mpingo, imvi mbuu, koma mwezi ukangotha uyo wakwera tekisi kukatenga timabuku tatsopano. Anayambira ku Nchalo ali mnyamata, kutola takale pa kaunjika. Ine ndinkawanena ndithu. Ndinkati anzanu akuumbitsa njerwa kumudzi, inu muli kalikiliki ndi anthu ovala kabudula wamkati pamwamba pa thalauzi. Iwo ankangoseka, amvekere, "Mayi, inu mumaonera mafilimu a anthu olodzana, ine ndinayankhulapo?"

Matendawa anapatsira mwana wathu, mtsikana mmodzi yekhayo amene Mulungu anatipatsa. Lamulungu tikabwera ku tchalitchi, tikadya, awiriwo ankatsegula bwalo lawo pa tebulo. Ankawerenga buku lililonse latsopano, kenako n'kuliweruza. Muyeso wawo unali wa nzimbe. Buku losakoma linali la kunsonga, loyeserako linali la pakati, lokoma zedi linali la kutsinde. Mwanayo ankalemba chigamulocho m'Chingerezi n'kuchiika pa intaneti, kumene akuti kunali anthu omuwerenga. Asanalembe ankayamba akangana, iye m'Chingerezi, bambo ake m'Chichewa, mpaka ine kulowererapo kuti aneba ayesa kuti mwabuka ndewu.

Bambo ake anagwa ali kuntchito, nyengo imene amawotcha minda ya nzimbe, phulusa likugwera pa zovala zoyanika. Anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo sanafike n'kuchipatala komwe. Thupi tinalitengera kwawo ku Ntcheu, ulendo wa pamsewu. Mwana sanapite nawo. Pemiti yake ya sukulu inali isanatuluke, ndipo akanangotuluka m'dziko muno sakanamulola kubwereranso, pomwe chinali chaka chake cha matiriki, mayeso omaliza a sekondale. Akuluakulu a mpingo, ngakhalenso abale a malemu pa foni, onse anati akhale. Anatsala kwa mayi wina wa ku tchalitchi. Mwambo wa kuno unali waufupi, m'kachipinda ka kampani yoona za maliro, bokosi atalimata kale chifukwa chodutsa m'malire a mayiko. Nkhope ya bambo ake sanaione.

Nditabwerako ndinapeza mwana wina. Kudya ankadya, kusukulu ankapita, mbale ankatsuka osatumidwa, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Koma misozi ayi. Ndikangoyamba kuti kumudzi kuja, iye wavala mahedifoni. Mavidiyo a maliro amene azakhali ake anatumiza sanatsegule ndi imodzi yomwe. Dzina loti adadi linatha m'nyumba muno. Ndinachita mantha, ndinene mosabisa. Ndinawaonapo anthu amene sanalire maliro awo. Chisonicho chimatupa m'kati, munthu n'kumangouma chiumire, mpaka tsiku lina mumazindikira kuti amene mukukhala nayeyo simukumudziwa. Mwamuna ndinali nditaika kale. Sindinafune kutayanso mwana ali moyo, tikudyera tebulo limodzi.

Sabata imene foni ija inalira ndinali ndi ulendo wa m'tauni kukagula nsalu. Nditatsika pa Warwick, m'chipwirikiti chija cha matekisi, angolo akukuwa kuti uwapatuke, utsi wa nyama yowotcha uli tolo, ndinaima kaye. Mtima wina unkati gula nsalu zako uzibwerera. Ndinakwera tekisi ya ku Durban North, foni nditaithimitsa, kuopa kuti wina wakumudzi angaimbe ine n'kuyankha Chichewa pakati pa anthu, poti kuno mlendo sadzionetsera.

Mwini sitoloyo anali Mmwenye wa msinkhu wanga, tsitsi lake mbali imodzi atalidaya la buluu. Mayi wamkulu ndithu, tsitsi la buluu. Ndinangoti kaya, dziko ndi la eni ake. Koma anandigwira manja onse awiri, ndipo anati amuna anga ankabwera mwezi uliwonse kudzamutsutsa pa chilichonse, osatuluka asanamuseketse. Anandipatsa timabukuto, kalikonse kali m'pulasitiki yake, kumbuyo kuli kachikatoni. Ine ndinatenga kamodzi kuti ndikapinde kalowe m'chikwama. Mayiyo anatsala pang'ono kukomoka. Anandilanda, n'kundiikira tonse m'jumbo yolimba, akundilangiza ngati ndanyamula mazira. Potuluka anandifunsa za mwana. Anati anthu akufunsa kuti analekeranji kulemba.

Ndinakaika jumboyo pa tebulo. Mwana atabwera ku sukulu anaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kulowa kuchipinda. Loweruka inatandala pomwepo. Ndinkaisuntha popukuta tebulo n'kuibwezera, iye n'kumailambalala ngati muli njoka.

Lamulungu masana, titadya, mtima unandipsa. Ndakwera matekisi awiri ine, ndagwidwa manja ndi mayi wa tsitsi la buluu, kuti zinthuzi zizingotiyang'ana? Ndinakoka mpando wa bambo ake, umene chibwerereni palibe anakhalapo, n'kuvala magalasi anga osokera. Ndinatenga buku la pamwamba n'kuyamba kung'amba pulasitiki ngati paketi ya mchere.

"Ma, sang'amba," anatero ali pa sofa, m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse. "Selotepiyo amachotsa pang'onopang'ono."

Ndinachotsa pang'onopang'ono. Ndinanyambita chala kuti nditsegule tsamba.

"Ma, musanyambite chala."

"Nanga nditsegule ndi chiyani, chigongono?"

"Komanso mwayamba ndi lomaliza."

Anadzuka. Anabwera kudzandisanjira, n'kundiuza kuti atatuwa ndi nkhani imodzi, uyambe ili. Sanakhale pansi. Anangoima kumbuyo kwanga, manja atapinda, ngati mphunzitsi woyang'anira mayeso.

Nkhaniyo inali ya gulu la ngwazi zoteteza mzinda wina waukulu. Mtsogoleri wawo anali mdala wa ndevu zoyera amene mphamvu yake inali kumeza moto. Nyumba ikayaka, iye amangoukoka motowo ndi pakamwa n'kuusunga m'chifuwa. M'gululo munalinso kamtsikana kamene mdalayo anakatola kali kakang'ono n'kukalera yekha. Buku loyambalo linali ndewu yokhayokha, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Kwatuluka chinthu pansi pa nthaka, chikulavula moto, iwo akuchigenda ndi mabasi.

"M'basi imeneyi munalibe anthu opita kuntchito?" ndinafunsa.

"Anatsika."

"Anatsika pati? Ndionetse."

Sanandionetse. Ndinapitiriza. Ndinati nyumba zonse zagwazi adzasesa ndani? Anthu amenewa akumana m'mawa, palibe wapatsa mnzake moni, palibe wamwa ngakhale tiyi, angofikira kumenyana. Ndipo mayi uyu akuponya mwendo mpaka kumutu ndi chovala chothina chonchi, ine ndine telala, msoko umenewu ukanaphulika pa kuponya koyamba. Ndinati ili ndi la kunsonga, longotafuna n'kulavula.

Ndinamva kampweya kakutuluka m'mphuno mwake, kosafika pa kuseka. Anawerama n'kubweza masamba awiri. Anati ndisamangoona zogwa, ndione mmene wojambulayo wachitira apa. Ndinayang'anitsitsa. Chinali chithunzi cha manja a mdala uja atagwira khoma, mitsempha ili tuu, zikhadabo zothetheka, khungu lamakwinya pamfundo za zala. Pamenepo ndinagonja. Ndinati wojambulayu manja a munthu wogwira ntchito amawadziwa, ayenera kuti ali ndi bambo. Ndinalikweza pang'ono, ndinati ndi la pakati koma chakunsonga. Mwana anakoka mpando wake n'kukhala.

Buku lachiwiri linali lina. Ndewu inali yochepa. Pakati pake mdala uja ndi kamtsikana kake anakhala padenga la nyumba yayitali, miyendo ili lendelende, akugawana chibanzi chimodzi. Iye akukauza kuti chifuwa chayamba kumuwawa, motowo masiku ano suzima msanga. Iko kakuti mupume, iye akuti ndipuma mawa. Ndinawadziwa makambidwe amenewo. Ndinayamba kukayika kumene nkhaniyi ikulowera, koma ndinali nditalowa kale. Kumapeto chinthu chija chinabwereranso ndi moto woti utenthe mzinda wonse, mdalayo n'kuumeza wonse. Tsamba lomaliza linalibe mawu ndi amodzi omwe. Anangojambula nsapato yake imodzi ili pamsewu, utsi ukutuluka m'kati.

Ndikanadziwa sindikanatsegula. Ndinadzitukwana chamumtima, ndinati mayi iwe, pa mabuku onse a m'dziko wasankha ili. Ndinafuna kuti nditseke ndinene kuti maso atopa. Mwana ankangoyang'ana nsapato ija.

"Chigamulo," anatero.

Kunama sindikanatha. Ndinati ili ndi la kutsinde. Amene analemba sanachite phokoso, ndipo pa chibanzi paja anandigwira mtima. Iye anagwedeza mutu n'kundikankhira lachitatu.

Lachitatulo linali la maliro, ndipo ndi pamene ndinaiwala kuti ndikuwerenga zopeka. Abale inu, munthu wapulumutsa mzinda wonse, mwana aliyense wa mumzindawo akupuma chifukwa cha iye, kumanda kwabwera anthu anayi. Anayi. Aima pamvula, ambulera imodzi, magalasi akuda kumaso ngati apolisi achinsinsi. Bokosi lafika kale, dzenje lakumbidwa kale, kaya ndi ndani. Mmodzi wayankhula timawu tiwiri, kuti anali munthu wabwino, tidzamukumbukira. Kenako wotchi ya wina yalira, akuti kwabuka zina kumpoto kwa mzinda, onse uluu, aulukira m'mwamba. Manda angotsala okha osakwirira n'komwe.

Ndinavula magalasi. Ndinati amenewa si maliro, uku n'kutaya. Wagona pamenepa ndani? Moto anasonkha kuti? Makwaya ali kuti, azimayi ophika ali kuti, adzukulu ali kuti? Kwathu ngakhale chidakwa chimene chinkatukwana mudzi wonse timachigonera, timachiimbira mpaka kucha, m'mawa n'kuchinyamula pamapewa mosinthana. Awa ali ndi mphamvu zonyamula mabasi, alephera kunyamula mnzawo.

Koma chimene chinandiwawa kwambiri chinali pakona pa tsambalo. Kamtsikana kaja anakajambula kataima patali, kuseri kwa mtengo, kokhakokha, mvula ikukathira. Anthu anayi aja anakaona, wina mpaka anacheuka, koma palibe anapita kukakatenga.

"Mzinda wonsewu mulibe mayi ndi mmodzi yemwe woti akamugwire mwanayu?" ndinatero, ndikumenya tebulo ndi chala. "Amusiya aime pamenepo ngati wakuba, maliro ali ake? Wolemba ameneyu pa chibanzi anachita bwino, koma maliro sanapitepo, ndikulumbira."

"Ma, musadzivutitse," anatero mwana. Mawu ake anali ouma, akuyang'ana kuwindo. "Abweranso mdalayu. Amabwera onse. Pakapita miyezi adzati anafayo sanali iye, kapena wina adzabweza nthawi m'mbuyo. Adadi ankati m'makomiki imfa ndi tchuthi."

Aka kanali koyamba kuwatchula chimwalirireni. Ndinamva, koma pakamwa panga panali patathamanga kale, mabuleki panalibe.

"Nanga alekerenji kubwera? Munthu woikidwa chonchi angagone? Sanamulire, sanamuperekeze, mwana wake sanamutsanzike. Abwera ndithu, adzafunse kuti ndinakulakwirani chiyani."

Nditamaliza ndi pamene ndinamva zimene ndanena. Kunja kunkamveka thirakitala ya nzimbe ikudutsa. Mwana anatenga bukulo, analilowetsa m'pulasitiki yake mosamala, n'kumata selotepi ija, n'kuisalaza ndi chala kangapo. Ndinkadikira kuti adzuke akavale mahedifoni. Sanadzuke. Anayankhula m'Chichewa, Chichewa chake chopindika cha mwana wokulira kuno.

"Nanga adadi munawaika bwino?"

Ndinaimirira n'kukankhira tebulo kukhoma. Ndinamasula chitenje chimene ndinavala pamwamba pa diresi, n'kuchiyala pansi.

"Khala pansi."

Anayang'ana mpando.

"Pansi ndati. Nkhani ya maliro sitikambira pampando."

Tinakhala, miyendo titatambasula, misana titatsamira sofa. Ndinayambira poyambira penipeni. Ndinamuuza kuti galimoto itangopatuka pamsewu wa tala tinapeza masamba ataikidwa kale panjira, anthu apanjinga akutsika, abambo akuvula zipewa. Azimayi anatichingamira kutali, akulira, akuthamanga m'mbali mwa galimoto mpaka pakhomo. Mipando yonse inali panja, m'nyumba mwadzaza azimayi mpaka m'khonde, abambo azungulira moto kuseri. Makwaya ankalandizana, ina ikatopa ina yayamba, ya mpingo wathu, ya Akatolika, ndi ina ya anyamata imene sindinaidziwe n'komwe. Anzawo a ku Nchalo anabwera pa lole, ena okalamba oti kutsika kwake mpaka kuwagwira.

"Nkhope munaona?"

Ndinati ndinaona. Abale anakana kuti munthu apite osamuona, ndiye adzukulu, anthu aja okumba manda ndi kusamala thupi, anatsegula bokosi ngakhale linali lomata. Ndinamuuza kuti ankaoneka ngati mmene ankachitira ulaliki ukatalika, maso atatseka, akunamizira kupemphera. Tayi inali itapotoka ndi mabampu a mumsewu, ndinaiwongola ndi manja angawa. Ndinamuuzanso kuti mdzukulu wina wachipongwe anayamba kuyenda chotsimphina pang'ono, manja kumbuyo, kuyerekeza mayendedwe a bambo ake, anthu n'kuseka misozi ili m'masaya. Bokosi analinyamula pamapewa, ndipo amuna ankachita kulimbirana kuti aliyense agwireko. Anawagoneka pafupi ndi bambo awo.

Mwana ankamvetsera atagwira chala chake chachikulu cha kuphazi. Sankandiyang'ana.

"Ine anthu anati chiyani?" anafunsa. "Anati mwana wake ali kuti?"

Apa ndiye panali pamene pankamuwawa, ndipo ine miyezi yonseyi sindinadziwe. Ndinamuuza mmene zinalili, osachotsera. Atatha kukwirira inafika nthawi yoika nkhata. Woyendetsa mwambo anaitana mkazi wa malemu, ndinapita, atandigwira uku ndi uku. Kenako anaitana kuti mwana wa malemu. Palibe anadzuka. Anaitananso. Anthu anayamba kucheukacheuka, ena akunong'onezana. Ndinati, ndiye azakhali ako anadzuka, anatenga nkhata ija, n'kukagwada pamanda. Sananong'one ayi, anayankhula kuti aliyense amve. Anati, achimwene, iyi ndi ya mwana wanu. Sanakane kubwera, amutsekereza ndi mapepala. Mtima wake uli pompano. Anthu onse anavomera kuti mmm, manda onse. Palibe anakunena, mwanawe. Anakulirira iwenso.

Ndinkaona phewa lake likukwera n'kutsika. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chibwerere changa.

"Ndiye sabwera."

Sikunali kufunsa. Koma ankadikira kuti ndiyankhe, ndipo ndinadziwa kuti ndikazemba apa ndamutaya.

"Sabwera, mwana wanga. Tinawaika bwino."

Kunayamba ngati kutsokomola. Kenako anagwetsa mutu pamiyendo panga n'kulira, kulira kwenikweni kwa maliro, kotulukira m'mimba, akuitana adadi, adadi ine. Mtsikana wamkulu wotalika kundiposa. Wolira samugwira pakamwa. Sindinamuuze kuti tonthola, sindinamuuze kuti limba mtima. Ndinangoika dzanja pamsana pake, n'kuyamba nanenso.